Chifukwa chake adrenal wa khoswe amafota akapatsidwa dexamethasone

Achemwali, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti ma adrenal (tiziwalo topanga mahomoni) a makoswe opatsidwa mankhwala a dexamethasone kwa masabata angapo apezeke atachepa, pomwe mankhwalawo ndi a gulu limodzi ndi homoni imene adrenal amapanga. Gwero lake lili m'mutu mwa khoswe, osati pamwamba pa impso pomwe tiziwaloti tili.

Mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus imatulutsa homoni ya CRH, imene imadzutsa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, kuti atumize homoni ina, ACTH, m'magazi. ACTH ikafika pa adrenal, pakangopita mphindi zochepa corticosterone, homoni ya adrenal wa khoswe, amatuluka. Musalembe cortisol pa mayeso, chifukwa adrenal wa khoswe alibe enzyme ya 17-hydroxylase yopangira cortisol ngati wathu. Koma ntchito ina ya ACTH, imene ambiri sitiigwira msanga m'kalasi, ndi kusunga maselo a khungwa la adrenal, kutanthauza mbali yake yakunja, kuti akhale onenepa ndi amoyo. Dexamethasone akadzaza m'magazi, ubongo umayesa kuti homoni yakwana, umaleka kuitana, ACTH imatsika, khungwa lija n'kufota.

Philip Smith anaonetsa zimenezi ku America m'zaka za m'ma 1920. Ankachotsa pituitary wa khoswe kudzera kukhosi osavulaza ubongo, adrenal n'kunyala. Akamuika tizidutswa ta pituitary wa khoswe wina, adrenal ankakulanso. Mu 1936 Hans Selye ku McGill, Montreal, anaona mbali inayo: makoswe ozunzika ndi chisanu, kuvulala kapena mankhwala oipa ankakhala ndi adrenal wotupa, thymus (kachiwalo ka m'chifuwa ka chitetezo cha thupi) yochepa ndi zilonda m'mimba.

Chimene chimandikoka mtima n'chakuti si khungwa lonse limamvera ACTH. Mukaika pa maikulosikopu, kagawo kakunja kotchedwa zona glomerulosa, kopanga aldosterone (homoni yosunga mchere m'thupi), kamakhala kakadalipo ngakhale pituitary atachotsedwa, pakuti iko kamamvera kwambiri homoni ya angiotensin II ndi potaziyamu wa m'magazi. Mukamumana mchere khoswe, kagawo kameneka ndiko kamakula. Chofota ndi kagawo kotsatira, zona fasciculata, ndi za m'kati mwake. Komanso mukachotsa adrenal mmodzi, wotsalayo amayamba kukula msanga, ndipo Mary Dallman ndi anzake m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti mitsempha ndiyo imayambitsa kukulako, osati ACTH yokha.

Kwa munthu nkhani yake ndi yomweyi, n'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva wina wasiya prednisolone, mankhwala a gulu la dexamethasone, mwadzidzidzi atamwa kwa miyezi. Adrenal wake amakhala atagona, sangadzuke tsiku limodzi, ndipo BP ikhoza kugwa mpaka kuika moyo pachiswe. Dokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono.

Ngati mudzayeza corticosterone mu labu, kumbukirani kuti khoswe amayenda usiku, choncho homoni yake imakwera madzulo mdima ukamayamba, osati m'mawa ngati ife. Tengani magazi nthawi yofanana tsiku lililonse, mwachangu khoswe asanachite mantha, ndipo musasakanize aakazi ndi aamuna, pakuti aakazi adrenal wawo amakhala wamkulu.