Za mtengo wa pa ola zija, tamvera msuweni

Eee, msuweni... dikira nditseke chitseko kaye, ana akusokosera. Eya. Ndaliona funso lako pa gulupu, loti uzilipiritsa zingati pa ola ukamajambula ma logo ndi ma poster aja. Koma iwe ndimakudziwa. Chiyambire uli mwana, sufunsa chinthu usanachichite kale. Ndiye ine ndikuona kuti pali kasitomala amene unamutchulira kale mtengo, pano ntchito yakula, ukugona mochedwa, ndipo ukuchita manyazi kumuuza. Ndanama? Usayankhe pa gulupu, azakhali ako angayambe mafunso.

Ukuwakumbukira bambo ako aang'ono, amalume anga a matabwa aja? Chaka chija cha nkhani ya denga... ayi, chisanafike chimenecho, mwana wawo wachiwiri asanabadwe. Kunabwera munthu kudzafuna kabati. Iwo anawerengera matabwa, misomali, guluu, vanishi, n'kuikapo kangachepe pamwamba, basi mtengo ndi umenewo. Amvekere masiku anayi yatha. Tsiku lachitatu mwini wake uyo, akuti muikemonso madirowa awiri. Chabwino. Kenako galasi pachitseko. Kenako mkazi wake wadzaiona, akuti mtundu wake sukugwirizana ndi mipando, apale ayambirenso. Amalume, ndi mtima wawo uja, ankangoti palibe vuto bwana. Milungu itatu! Ine nthawi imeneyo ndinkawagwirira matabwa, ndinkaona ndi maso angawa anthu akubwera ndi ntchito zawo n'kubwerera, poti manja onse ali pa kabati imodzi. Tsiku lonyamula, munthu uja anapereka ndalama yomwe ija ya tsiku loyamba, osawonjezera olo pang'ono. Ndipo sanabe ayi, ndi zomwe anagwirizana. Usiku umenewo amalume sanalankhule ndi munthu. Kutacha anakagula kope, lofiira lija... unaliona iwe, limene agogo ankati ndi la ngongole. Ankalembamo nthawi yoyambira ndi nthawi yomalizira, ntchito ina iliyonse, ngakhale kampando kakang'ono. Zimandikhudzabe ndikakumbuka.

Ndimati chiyani kodi... eya, masamu. Chaka chili ndi milungu 52. Ukamagwira maola 40 pa mlungu, ndi maola 2,080. Koma amenewo ndi a munthu wolembedwa ntchito, amene malipiro ake amabwera ngakhale tsiku lomwe kunalibe chochita. Iwe chotsapo milungu yopuma ndi yodwala, titi yatsala 46. Ndiyeno pa mlungu, maola ambiri amathera kusaka makasitomala, kuyankha mauthenga, kulondola ndalama kwa amene sanalipire. Titi amene ungalipiritse munthu ndi 20 okha. 46 kuchulukitsa ndi 20, ndi 920. Tenga ndalama zimene umafunika pa chaka kuti ukhale bwinobwino, uphatikizepo intaneti, magetsi, msonkho, ndi yosungira kompyuta ina poti imeneyo tsiku lina idzazima, ugawe ndi 920. Chotulukacho ndiye mtengo wako wa pa ola, usatsike kuposa pamenepo. Ndipo ngati ukudzera pa Fiverr, webusaiti yopezerapo makasitomala ija, iwo amadula 20 peresenti, ndiye kuti utsale ndi 100 uyenera kutchula 125, osati 120. Ambiri amaphonya pamenepa.

Koma chimene ndikufuna umvetse ndi ichi. Kasitomala usamuuze za maola... ayi, ndikonze, pali ntchito zosadziwika pothera pake, zimenezo lipiritsa pa ola ndithu. Koma logo, mupatse mtengo wa ntchito yonse, n'kulemba zimene zili mkati mwa mtengowo. Maolawo uwerengere pawekha, uwonjezereko pang'ono, poti ntchito imakonda kutalika kuposa mmene unaganizira. Mu kotesheni ulembe kuti zitsanzo zitatu, kusintha kawiri, tsiku lopereka ndi lakuti, theka la ndalama usanagwire chilichonse. Kusintha kwachitatu kuli ndi mtengo wakewake. Amalume chinawapweteka n'choti panalibe pepala lonena pamene kabati ikuthera. Likanakhalapo, galasi lija akanalipiritsa, madirowa akanalipiritsa.

Ndiye uyu wakusowetsa tuloyu, mumalizire zomwe munagwirizana, usaswe pangano. Koma akatumizanso zoti tangosinthako pang'ono apa, muyankhe mwaulemu kuti izo ndi zowonjezera, mtengo wake ndi uwu. Akakhumudwa akhumudwe, ena abwera. Ukundimva koma? Pothera ntchito uzilemba usanaiyambe. Pa gulupu paja umalongolola kutiposa tonse, koma ikafika nkhani ya ndalama pakamwa pamauma, hehe. Kotesheni yotsatira unditumizire ndiione kaye isanapite, olo usiku uno ngati ilipo. Uwapatse moni amalume, uwauze mankhwala aja ndawapeza.