Mukafika, vundukulani bulangete

Achemwali, nkhani yanu yofuna kukawasiya amayi kunyumba yosamalira okalambayi yanditosa pachilonda. Ife tinawapititsa bambo athu kumalo ngati amenewo atadwala sitiroko, mbali yakumanja itafa. Pakhomo maluwa okhaokha, satifiketi ya boma ili pakhoma m'felemu, amanijala kumwetulira mpaka mano onse pamtunda.

Tsiku lina ndinangotulukira madzulo osawauza. Kungotsegula chitseko, fungo linandibweza. Bambo ali gone chagada, maso kudenga, milomo itauma mpaka kung'ambika. Kapu ya madzi anaiika patebulo la kumanja, mbali yomwe dzanja silinyamuka n'komwe. Belu loitanira anthu lili pansi kuseri kwa bedi. Nditavundukula bulangete ndinapeza thewera litanyowa mpaka matiresi. Ndinawatembenuza ndekha, manja akunjenjemera, ndipo kumunsi kwa msana, pafupa lija la pamwamba pa matako, panali chilonda chakuya, m'mbali mwake mutada bii, mafinya akutuluka. Zidendene nazo zitayamba kuda. Munthu amene anatilera ndi thukuta lake, akungogwetsa misozi chifukwa lilime linali lolemera, sangathe kunena kuti ndikumva kuwawa.

Kuchipatala adokotala anati chilondacho chafika siteji 4, yomaliza, pomwe chimadya mpaka mnofu ndi fupa, ndipo tizilombo tinali titalowa kale m'magazi, aja amati sepsis. Anatifotokozera kuti munthu wosatha kudzitembenuza amafunika kumutembenuza pafupifupi maola 2 aliwonse, komanso kuti chilonda chotere chimayamba ndi kufiira kumene sikuchoka ukadina ndi chala. Wosambitsa munthu akanaona. Nanga tchati cha kunyumba ija, chomwe antchito amasaina akatembenuza wodwala? Chosainidwa bwinobwino, bokosi lililonse, usana ndi usiku, bolopeni imodzi, dzanja limodzi. Munthu ameneyo sagona kodi?

Amanijala aja ndiye anandiyankha opanda manyazi kuti khungu la okalamba ndi losalimba, zimachitika. Zimachitika! Pambuyo pake tinamvanso kuti usiku bambo ankawapatsa mankhwala ogonetsa otchedwa diazepam kuti asavutitse, ife osauzidwa. Mankhwala amenewa kwa okalamba amasokoneza mutu ndi kuchititsa kuti azigwa, ndiye bambo ankangokhala ali lenguu, ife n'kumati ndi sitiroko. Atsikana ogwira ntchito aja sindiwada kwenikweni, usiku ankatsala awiri okha, zipinda zili mbwee, uku belu uku wina wagwa kubafa. Ondiwawa ndi eni ake. Ndalama pakutha pa mwezi samachedwa kutolera, koma kulemba anthu okwanira ayi. Ngakhale pepani sitinamumve mpaka lero.

Komabe musaope, apititseni. Pakhomo nokha simungathe, kudzuka maola 2 aliwonse n'kumapitanso kuntchito mudzagwa ndinu. Ingofunsani kuti usiku pamakhala antchito angati pa okalamba angati, ndipo namwino weniweni amagona pomwepo kapena amachita kuimbiridwa foni. Pemphani lipoti lomaliza la oyendera a boma muwerenge nokha. Pemphaninso mndandanda wa mankhwala onse, ndipo muwauze kuti asasinthe kapena kuwonjezera osakudziwitsani. Amayi akangoyamba kusokonezeka mwadzidzidzi musavomere zoti ndi ukalamba, kawirikawiri amakhala matenda a m'njira ya mkodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, akayezedwe. Muzipita nthawi zosiyanasiyana, nthawi ya chakudya, usiku, Lamlungu, n'kuona zidendene, m'chiuno ndi kumsana, mukaona chachilendo jambulani pafoni.

Chinanso, musakangane nawo antchitowo. Muziwadziwa mayina, muziwathokoza, chifukwa inu mukatuluka pageti amatsala ndi amayi ndi iwowo. Ngakhale ndikutero, ine ndinalalata mpaka alonda anabwera kudzandigwira, ndipo zitachitikanso ndingalalatenso kuposa pamenepo.