Mafinya m'khutu la mwana: kodi kuchotsa ma tonsils kungathandize?

Mayi wina wa ku Kapata kuno ku Chipata wanditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka 6 khutu lakumanzere lakhala likutuluka mafinya kuyambira m'dzinja, ndipo amadandaula pakhosi kawirikawiri. Alamu awo akuti amutengere ku Lusaka akamuchotse ma tonsils, timinofu tiwiri ta m'mbali mwa kukhosi, kuti matenda onse atheretu. Akufunsa ngati agulitse mbuzi kuti apeze ya ulendo.

Mayi, mbuzi zikhale kaye m'khola. Chofulumira apa ndi khutu, ndipo opaleshoni ya pakhosi siumitsa khutu limene laboka kale.

Alamu anu sanasochere kwenikweni, chifukwa khutu ndi khosi ndi zolumikizana. Pali kanjira kochoka m'kati mwa khutu kukatulukira kuseri kwa mphuno. Kwa ana kanjirako n'kakafupi ndiponso kogona, choncho chimfine chikabwera tizilombo sitivutika kukwera. Mafinya akadzaza, kachikopa kopyapyala ka m'khutu kamaphulika, ululu n'kuchepa, mafinya n'kuyamba kudontha. Makolo ambiri apa amati mwana wachira. Koma mafinya akapitirira masiku 14, malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amene manesi athu amatsatira amati matendawo akhazikika, bowo silinatsekeke.

Madokotala anayesa kale zimene alamu anu akunena. Dr Jack Paradise ndi anzake ku Pittsburgh, ku America, anatulutsa kafukufuku mu 1999 wa ana odwala makutu mobwerezabwereza. Kuchotsa ma adenoids, timinofu ta kuseri kwa mphuno, kaya pamodzi ndi ma tonsils kaya ayi, kunathandiza pang'ono, kwa kanthawi kochepa. Ndipo awo anali ana amene khutu limadwala n'kuchira, osati lodontha miyezi ngati la wanu.

Za pakhosi, gulu lomwelo linaika muyeso mu 1984 umene ukugwirabe ntchito. Opaleshoni imaganiziridwa ngati mwana wadwala pakhosi maulendo 7 m'chaka chimodzi, kapena 5 pachaka kwa zaka ziwiri, kapena 3 pachaka kwa zaka zitatu. Kudwala kwake kukhale kwenikweni: kutentha thupi, mwanabere m'khosi kapena mafinya pa ma tonsils, ndipo kolembedwa kuchipatala. Ngakhale pakati pa ana odwala chomwechi, ambiri amene sanadulidwe anayamba kupeza bwino okha pamene ankakula. Tsegulani buku la kuchipatala la mwanayo muwerenge. Zokumbukira pamutu zimachulukitsa, makamaka kwa mayi amene anachezera usiku. Chimodzi chokha chingandisinthe maganizo: ngati akuchita mkonono waukulu usiku uliwonse, mpweya n'kumaima kenaka n'kudzidzimuka. Pamenepo opaleshoni imathandizadi, ndipo mukauze dokotala.

Khutulo tsopano. Pitani kukiliniki akaliunike, ndipo ngati silikusintha mupemphe kalata yopita ku Chipata Central Hospital. Chithandizo chake n'chotopetsa koma sichodula. Pindani kansalu koyera kofewa kasongoke, kalowetseni pang'ono kayamwe mafinya, sinthani mpaka katuluke kouma, katatu patsiku. Mankhwala odonthezera alowe khutu litauma kale, apo ayi amangoyandama pamwamba pa mafinya. Ku Kisumu, ku Kenya, kafukufuku wa ana asukulu wotuluka mu 2005 anapeza kuti madontho a ciprofloxacin amaumitsa makutu ambiri kuposa a boric acid. Mapilitsi akumwa kapena jakisoni, amene ambiri timawakhulupirira kwambiri, safika bwino pamalopo.

Nthenga ya nkhuku, machesi, saladi wotenthetsa, madzi a masamba, zonsezi m'khutu ayi. Posamba madzi asalowe, ndipo zosambira ku Lutembwe ndi anzake aziiwale kaye. Muchotseni pa utsi wa kukhitchini ndi wa fodya. Ngati sanayezedwepo HIV, amuyeze, popeza khutu losauma nthawi zina limakhala chizindikiro chake. Auzeninso aphunzitsi amukhazike kutsogolo. Ana otere amatchedwa amwano kapena mbuli pomwe vuto ndi kusamva bwino, ndipo ichi chimandiwawa kuposa mafinyawo.

Mukaona kutupa kowawa kuseri kwa khutu, mutu waukulu, kusanza, khosi kuuma kapena nkhope kupindika, musadikire kuche. Matendawa amatha kudya fupa n'kufika ku ubongo.

Ngati tsiku lina katswiri, kaya ku UTH kaya ku Beit CURE, zipatala za ku Lusaka, adzanena kuti ma tonsils achoke, mudzakonzeretu pokhala ku Lusaka milungu iwiri. Magazi amatha kuyamba kutuluka patapita masiku 5 mpaka 10, nkhanambo ikamayobuka, ndipo simungafune kuti zimenezo zikupezeni m'basi pa Great East Road, ulendo wa makilomita oposa 500. Palinso vuto losowa kwambiri lotchedwa Grisel syndrome, pamene mafupa awiri apamwamba a khosi amaterereka chifukwa cha kutupa. Mwana akapendeketsa mutu n'kumakana kuutembenuza atachitidwa opaleshoni, musamuwongole kapena kumuthowa, chifukwa m'mafupamo mumadutsa mtsempha waukulu wa msana. Bwererani naye kwa amene anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo.