Za Reiki ndi mankhwala azitsamba: yambani mwayezetsa kuchipatala

Mayi, mwafunsa ngati Reiki (kuika manja pa thupi) ndi reflexology (kutikita mapazi) zingathandize kupweteka kwa khosi ndi kusowa tulo kumene mwakhala nako kwa miyezi inayi, mwafunsanso kumene mungawerenge zodalirika zokhudza mankhwala achilengedwe opangira kunyumba, komanso za miyala imene ena amaika pa thupi la wodwala. Za miyalazo ndisiyira ena. Ndiyankha ziwiri zoyambazo, chifukwa ku Reiki ndinapitako ndekha, ndipo ndinatayako miyezi iwiri imene ndinayenera kukhala ndikumwa mankhwala oyenera.

Reiki anaiyambitsa Mikao Usui ku Japan m'chaka cha 1922, ndipo mayi Hawayo Takata ndi amene anaifikitsa ku Hawaii chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, isanafalikire m'mayiko ena. Munthu amagona pa bedi atavala zovala zake, ndipo wochita Reikiyo amaika manja mopepuka pamutu, pamapewa, pamimba ndi kumapazi, nthawi zina osamukhudza n'komwe, kwa pafupifupi ola limodzi. Eni ake amanena kuti m'manja mwawo mumadutsa mphamvu yosaoneka imene imakonza zimene zasokonekera m'thupi. Mphamvu imeneyi sinayezedwepo ndi chipangizo chilichonse. Pali njira ina yofanana nayo, yotchedwa Therapeutic Touch, imene namwino Dolores Krieger ndi mnzake Dora Kunz anayambitsa ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo imeneyo inayesedwa m'njira yosavuta kumva. Mtsikana wa zaka 9, Emily Rosa, anapempha akatswiri 21 a njirayi kuti apisitse manja awo pa chotchinga chimene chinkawalepheretsa kuona, kenako iye ankasendeza dzanja lake pamwamba pa limodzi la manja awowo n'kufunsa kuti lili pamwamba pa dzanja liti. Pa maulendo 280 analondola maulendo 123 okha, kutanthauza 44 pa 100 alionse, pamene munthu wongolota akanalondola pafupifupi theka. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya madokotala yotchedwa JAMA mu 1998.

Sindikunena kuti simudzamva bwino mukapitako. Ine ndinkatulukamo thupi lili lopepuka ndipo usiku umenewo ndinkagona tulo tabwino, chifukwa kugona chete ola lathunthu m'chipinda chabata, foni itazimitsidwa, wina akukusamalirani, kumatsitsa nkhawa mwa munthu aliyense. Vuto linali pa zimene ndinkauzidwa. Ndinapitako chifukwa cha kufooka, chizungulire ndi kupuma movutikira ndikakwera masitepe. Mayi amene ankandithandizawo anali aulemu kwambiri, ndipo sindikhulupirira kuti ankafuna kundinyenga, koma anandiuza motsimikiza kuti mphamvu ya pa mtima panga inali itatsekeka, ndipo anandilipiritsiratu maulendo asanu ndi limodzi. Pa ulendo wachitatu ndinawafotokozera kuti chizungulire chikuwonjezeka, iwo n'kuyankha kuti chimenecho n'chizindikiro chabwino chifukwa thupi likutulutsa zoipa, ndipo munthu amayamba wadwalirapo asanachire. Ndinakhulupirira. Nditatsala pang'ono kugwa m'bafa ndi pamene ndinapita kuchipatala, ndipo kuyeza magazi kamodzi kokha kunaonetsa kuti magazi anga anali ochepa kwambiri chifukwa chosowa ayironi. Mapiritsi wamba anandibwezeretsa mphamvu patapita milungu ingapo. Ndalama zimene ndinalipira pa maulendo asanu ndi limodzi aja zinaposa za kuyezetsa magazi ndi mapiritsi pamodzi mwina kakhumi.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muyambe mwaonana ndi dokotala musanapite kwina kulikonse, makamaka ngati kupweteka kwa khosiko kukutsikira m'mkono, ngati zala zikuchita dzanzi, ngati dzanja likufooka, kapena ngati mukutentha thupi ndi kuwonda popanda chifukwa. Dokotala akakuuzani kuti ndi minofu yokha imene yakungika, pitani ku Reiki ngati mukufuna kupumula, koma lipirani ulendo umodzi umodzi. Munthu amene angakuuzeni kuti musiye kapena muchepetse mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV, musabwererenso kwa iye. Chimodzimodzinso amene akutchula matenda anu pongoyendetsa manja pamwamba pa thupi, ndi amene akunena kuti kudwalirapo ndi chizindikiro cha kuchira. Dziwaninso kuti satifiketi ya Reiki munthu akhoza kuipeza ataphunzira masiku awiri okha, choncho pepala lopachikidwa pakhoma lisakuchititseni kuganiza kuti mwini wake anaphunzira za thupi la munthu.

Reflexology ndi kutikita mapazi motsatira chithunzi chimene Eunice Ingham anachitchukitsa m'zaka za m'ma 1930, chosonyeza kuti mbali iliyonse ya phazi imalumikizana ndi chiwalo china monga chiwindi kapena impso. Kutikitako n'kokoma, koma palibe umboni woti kukanikiza phazi kumachiritsa chiwindi. Pa khosi lokungika ndingasankhe kutikita minofu yeniyeniyo, kapena shiatsu, imene amakanikiza thupi ndi zala zamanthu ndi zikhatho. Musalole aliyense kukupotolani khosi mwadzidzidzi kuti lilire, chifukwa ngakhale sizichitika kawirikawiri, zimenezi zikhoza kung'amba mtsempha wopititsa magazi ku ubongo. Ndipo ngati katumba wa mwendo umodzi watupa, watentha ndipo akupweteka, asatikitidwe konse, chifukwa mwina magazi aundana m'menemo ndipo chibuma chake chikhoza kuthawira ku mapapo.

Tsopano za kumene mungawerenge. Ndaona ena m'gulu muno akukuyankhani kuti chilichonse chachilengedwe sichipweteka munthu, ndipo mmodzi wakutumizirani dzina la wogulitsa m'malo mwa yankho. Fodya nayenso ndi wachilengedwe. Malo amene ine ndimayambira ndi tsamba la pa intaneti la NCCIH, bungwe la boma la America lofufuza za mankhwala a mtundu umenewu, lomwe lili ndi gawo lotchedwa Herbs at a Glance. Pa chitsamba chilichonse amalemba mwachidule zimene kafukufuku wapeza, zimene sanapeze, ndi zoopsa zake. Kenako ndimayang'ana About Herbs ya chipatala cha Memorial Sloan Kettering cha ku New York, imene ndimaikonda kuposa zonse chifukwa imatchula mankhwala akuchipatala amene chitsambacho chimalimbana nawo. MedlinePlus, tsamba la zaumoyo la boma la America, ndi losavuta kuwerenga, ndipo bungwe la Cochrane limasonkhanitsa kafukufuku wambiri pa funso limodzi n'kulemba chidule m'mawu omveka kwa munthu wamba. Masamba amenewa ali m'Chingerezi, simulipira kanthu kuti muwerenge zimene ndatchulazi, ndipo palibe limene likugulitsa zimene likufotokoza. Tsamba limene likukuuzani ubwino wa chitsamba kwinaku pansi pake pali botolo ndi mtengo wake, muliwerenge ngati malonda.

Pofufuza, gwiritsani ntchito dzina la sayansi la chomeracho, chifukwa dzina limodzi la tsiku ndi tsiku likhoza kuimira zomera ziwiri zosiyana kotheratu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, azimayi oposa 100 ku Belgium anawonongeka impso atamwa mapiritsi ochepetsa thupi, chifukwa m'malo mwa chomera chotchedwa Stephania tetrandra munalowa Aristolochia fangchi, ndipo maina a zomera ziwirizi m'Chitchaina ndi ofanana kwambiri. Ambiri mwa iwo anafunika makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ina.

Popeza mwatchula kusowa tulo, posachedwapa wina akuuzani za St John's wort, dzina lake la sayansi Hypericum perforatum, imene anthu amamwa pofuna kukhazika mtima pansi. Chitsamba chimenechi chimachititsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'magazi mofulumira, moti chimafooketsa mapiritsi olera, ma ARV angapo ndi warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), ndipo n'choopsa kuchiphatikiza ndi mankhwala a matenda ovutika maganizo. Mankhwala akamafooka chonchi, munthu samva kusintha kulikonse tsiku limenelo, amangozindikira pambuyo pake kuti mankhwala ake anasiya kugwira ntchito. Mukapita kuchipatala kapena kufamase, tengani botolo lenileni la chilichonse chimene mukumwa, ngakhale tiyi wa zitsamba, muwaonetse. Madokotala ambiri safunsa za zimenezi, ndipo odwala ambiri amachita manyazi kuzitchula.

Zilipo njira zakunyumba zimene zili ndi umboni wabwino ndithu. Uchi umachepetsa kutsokomola kwa usiku, koma mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe ngakhale pang'ono, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa otchedwa botulism. Jinja amathandiza ena pa nseru. Pa nseru yomweyo, pali malo a mkati mwa mkono otchedwa P6, amene ali pa mtunda wa zala zitatu kuchokera pa mzere wa pamene dzanja limapindikira, pakati pa mitsempha iwiri yolimba, ndipo kafukufuku wa anthu ochokera ku opaleshoni anaonetsa kuti kukanikiza pamenepo kumathandizako. Pa khosi lanulo, nsalu yofunda kwa mphindi 15 kapena 20 ndi kulitembenuza pang'onopang'ono mbali zonse n'zosaopsa pamene mukudikira tsiku loonana ndi dokotala. Muonenso kutalika kwa pilo wanu ndi nthawi imene mumakhala mutaweramira foni, chifukwa khosi langa linasiya kuvuta nditangokweza kompyuta kuti ifanane ndi maso.