Musagule gateway chifukwa choti pabokosi palembedwa E1

Achimwene a ku Moatize, funso lanu ndaliona. Mwati PABX ya ku ofesi kwanu, makina ogawa mafoni m'kati mwa ofesi, ndi yakale, imalumikizidwa ndi E1, ndipo mukufuna kuigulira gateway, bokosi lolumikiza makina akale a foni ndi intaneti, kuti mafoni azidutsa pa SIP (njira yoimbira foni pa intaneti) osataya makina onsewo. Wogulitsa wakuuzani kuti bokosi lake lili ndi doko la E1, ndiye mukufunsa ngati zimenezo zakwanira. Sizinakwanire ayi. Ndalamazo zigwireni kaye.

E1 ndi msewu chabe. Imanyamula 2.048 Mbit/s zogawidwa m'tizigawo 32. Kachigawo 0 kamasunga dongosolo la mzere wonse, tizigawo 30 timanyamula mawu a anthu, ndipo kachigawo 16 ndi komwe kumadutsa uthenga woti foni yatukulidwa, yayankhidwa kapena yadulidwa. Nkhani yanu yagona pa ka 16 kameneka, chifukwa makina awiri akhoza kukhala pa msewu umodzi koma osamvana chilankhulo. Zilankhulo zikuluzikulu pamenepa ndi ziwiri: ISDN PRI ndi CAS.

Ngati PABX yanu ndi ya ISDN PRI, kachigawo 16 kamanyamula mauthenga athunthu a mizere yonse, nambala ndi zonse zili momwemo. Ma gateway ambiri a masiku ano amadziwa zimenezi. Koma makina ambiri akale omwe ndakhala ndikukumana nawo m'maofesi ndi m'malo ogona alendo kuno kwathu ndi a CAS, makamaka mtundu wa R2. Pa CAS mzere uliwonse uli ndi tizizindikiro take tinayi, A, B, C ndi D, kalikonse kokhala 0 kapena 1, tomwe timatumizidwa mobwerezabwereza pa 2 ms iliyonse. Mzere ukakhala uli phee umaonetsa 1001. Mbali yoimba ikautenga imasintha n'kukhala 0001, inzake imavomereza ndi 1101, ndipo munthu akayankha foni pamabwera 0101. Tizizindikiro timeneti sitinyamula nambala ayi.

Nambalayo imadutsa mu mzere wa mawu womwewo, ngati timaliwu tiwiritiwiri. Mbali yoimba imasankha pakati pa maliwu 6 oyambira 1380 Hz mpaka 1980 Hz, yoyankha imasankha pakati pa 6 ena oyambira 540 Hz mpaka 1140 Hz. Ndipo zimayenda mopatsirana. Mukudziwa mmene timayezera mbatatesi pa msika ku Ulónguè: wogulitsa athira ndowa imodzi m'thumba, ogula anena kuti "imodzi", ndiye wogulitsa n'kutunganso ina. Ogula akakhala chete, malonda aima pomwepo. R2 imachita chimodzimodzi. Nambala yoyamba imalira osaleka mpaka mbali inayo itayankha kuti yamva, itumizireni yotsatira. Choncho gateway iyenera kukhala ndi khutu lomvera timaliwuti komanso pakamwa poyankhira pa nthawi yake. Bokosi lodziwa PRI yokha silingachite zimenezi ngakhale nyali yake ya E1 itayaka yobiriwira.

Palinso china chimene chimagwetsa anthu ambiri. R2 si imodzi. ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni, inalemba yake, koma maiko angapo monga Brazil, Mexico ndi China anaisintha kuti igwirizane ndi makina awo. Mwachitsanzo, pa timaliwu ta gulu B, tomwe mbali yoyankha imatumiza pofotokoza mmene mzere ulili, mwa ITU chizindikiro choti mwini nambala ali pa foni ina ndi B-3, pomwe ku Brazil ndi B-2. Choti mzere uli womasuka, foni ilire, mwa ITU kawirikawiri ndi B-6, ku Brazil ndi B-1. Ine zinandionekera pa ofesi ina mu mzinda wa Tete. Amene anaika gateway anasankha Brazil pa mndandanda wa maiko, poganiza kuti poti tonse timalankhula Chipwitikizi ndiye zifanana. Anthu anavutika pafupifupi sabata yathunthu, mafoni ena akulowa, ena akufera m'njira, mpaka makasitomala kuyamba kubwera wapansi kudzafunsa ngati ofesiyo inatsekedwa. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa mayi wolandira alendo ndi amene ankakalipiridwa pa mlandu womwe sunali wake. Titabwezera pa ITU ndi kukonza mmene imapemphera nambala ya woimba, zonse zinalongosoka tsiku lomwelo.

Ndiye musanapite kwa wogulitsa uja, yambani mwadziwa chimene PABX yanu imalankhula. Buku lake likhoza kukuuzani, kapena amene ankaisamalira, kapenanso kampani yomwe inakupatsani mzerewo. Afunseni ngati ndi PRI kapena R2. Ikakhala R2, afunseninso kuti ndi ya dziko liti, amatumiza manambala angati, komanso nambala ya woimba amaipempha pambuyo pa nambala yachingati. Wogulitsayo akuonetseni pa tsamba la makonzedwe a gateway pamene palembedwa CAS kapena MFC-R2 (dzina lina la R2 yomweyi), ndipo muone ngati mungathe kusintha nokha ABCD, tanthauzo la zizindikiro za gulu A (monga chopempha nambala yotsatira) ndi B, komanso nthawi zodikira. Bokosi longokupatsani mndandanda wa maiko popanda mwayi wosintha kanthu ine sindilikhulupirira.

Zotsalazo ndi zing'onozing'ono koma zimalumanso. Onani ngati kumbuyo kwa PABX kuli mapulagi awiri ozungulira a BNC, omwe ndi a 75 ohm, kapena kabowo konga ka waya wa kompyuta, ka 120 ohm. Zikasiyana ndi za gateway mufunika balun, kachipangizo kolumikiza mitundu iwiriyi. CRC-4, yomwe imafufuza zolakwika pa mzere, ikhale yoyatsa mbali zonse kapena yozimitsa mbali zonse. Mawu pa E1 amayenda ndi A-law, njira yosandutsira mawu kukhala manambala, pomwe mabokosi ena opangidwira msika wa ku America amabwera atakonzedwera T1 ndi mu-law, zomwe kumeneko zimalowa m'malo mwa E1 ndi A-law. Wotchi ya mzere, yosunga nthawi ya kayendedwe ka uthenga, ichokere mbali imodzi yokha, inayo izitsatira. Zonse ziwiri zikamadziyendera, mumamva kuthetheka m'mawu ndipo fakisi siidutsa. Komanso waya wa pansi muulumikize bwino mvula isanayambe, chifukwa ziphaliwali za Disembala ndi Januwale zawotcha makadi a E1 ambiri omwe ndaagwira ndi manja angawa.

Maganizo anga ndi awa: ngati PABX yanu ingalandire kadi ya PRI pa mtengo wabwino, sankhani njira imeneyo, chifukwa foni imalumikizika msanga ndipo nambala ya woimba imafika popanda vuto. Ngati sizingatheke, R2 igwirabe ntchito bwinobwino bola gateway ikhale yoidziwadi. Mugwirizane ndi wogulitsa kuti mumalizitsa kulipira mukayesa zinayi: kuimba kunja, kulandira foni, kuimbira munthu amene ali pa foni ina, ndi kudula kuchokera mbali zonse ziwiri kuti muone ngati mzere ukubwerera pa 1001.

Jambulani kumbuyo kwa PABX yanuyo pamodzi ndi kapepala kolembedwa pa kadi ya E1, muponye muno m'gulu. Ndikaona ndikuuzani zoti mukafunse.