SQL Server yakana kuyaka titakweza seva kukhala domain controller

Funso: Ku ofesi kwathu tili ndi seva imodzi ya Windows Server 2019, ndipo database ya pulogalamu yathu yowerengera ndalama ili pa SQL Server momwemo. Loweruka lapitali tinaikweza sevayo kukhala domain controller (seva yoyang'anira maakaunti a makompyuta onse a pa netiweki imodzi, yotchedwa domain). Chichitireni zimenezo SQL Server sikuyaka, ikungolemba Error 1069. Kodi deta yathu yapita? Tiibwezere sevayo mmene inalili?

Yankho: Mtima m'malo, deta yanu ilipo. Kukweza seva sikukhudza mafayilo a .mdf ndi .ldf, momwe SQL Server imasungamo deta yanu. Musanagwire china chilichonse, akopereni pa disiki ina, osaiwala master.mdf, fayilo yosunga makonzedwe a SQL Server yeniyeniyo. Panopa n'zosavuta chifukwa SQL Server ili chigonere, palibe chimene chawatsekera.

Vuto lili pa akaunti. SQL Server imayaka polowa mu Windows ndi akaunti imene inapatsidwa tsiku loyiika. Seva wamba imakhala ndi maakaunti ndi magulu akeake a pamakinapo, koma ikakhala domain controller ulamuliro wonse umapita ku Active Directory, kaundula wa maakaunti a domain yonse. Ngati domain inalipo kale, maakaunti a pamakina aja amafufutika. Ndiye 1069 ikungonena kuti SQL Server yagogoda ndi dzina limene Windows sikulilolanso.

Tsegulani Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika, pitani pa System, muone nambala za Event ID. Mukaona 7038, akaunti kapena pasiwedi yake ndiye zakanidwa. Mukaona 7041, akauntiyo ilipo koma yalandidwa ufulu wa "Log on as a service". Apa ndi pamene ambiri amathera tsiku lonse: pa domain controller ufuluwu umatha kulamulidwa ndi Group Policy (malamulo oikidwa pa domain), moti zimene mwaika pamanja zimafufutika policy ikawerengedwanso. Pangani akaunti wamba ya domain, osati ya admin, ipatseni ufuluwo mu Default Domain Controllers Policy, kenako lembani gpupdate /force mu Command Prompt kuti policy iwerengedwenso.

Posintha akauntiyo gwiritsani ntchito SQL Server Configuration Manager. Ndikudziwa kuti services.msc, chida cha Windows choyendetsera ma service, ndiyo ili pafupi, koma iyo sisintha zonse zofunika, pomwe Configuration Manager imakonzanso zilolezo zina zimene SQL Server imafuna.

Ikayaka n'kuzimanso pompopompo, ndiye kuti mwadutsa pakhomo loyamba. Werengani fayilo ya ERRORLOG mu foda ya MSSQL\Log. Mukapezamo "Operating system error 5" pafupi ndi master.mdf, akaunti yatsopanoyo ilibe chilolezo pa foda ya DATA, ipatseni. Yembekezeraninso kuti ma login amene anamangidwa pa maakaunti akale a pamakina akana, muwapanga atsopano.

Za kuibwezera sevayo mmene inalili, ayi, musatero. Maakaunti ofufutika sabwerera, ndipo mungoswanso zimene mwakonza. Microsoft inalemba poyera kuti SQL Server iyenera kuchotsedwa kaye seva isanakwezedwe kapena kutsitsidwa, komanso silimbikitsa kuika SQL Server pa domain controller. Zimene ndakuuzanizi ndi zongoti ntchito iyambe Lolemba. Ikangoyaka pangani backup ya database iliyonse, muike SQL Server pa seva ina kapena pa makina oyerekeza (virtual machine) a Hyper-V osakhala domain controller, muchite restore kumeneko, kenako muichotse pa seva yakaleyo.