Mafunso a Owerenga: Kodi UFC Inayambiradi M'galaja?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa karate, ndipo madzulo ndimaphunzitsa achinyamata m'holo ya sukulu ina, koma ndalama zomwe amalipira sizikwanira ngakhale lendi ya holoyo. Mnzanga wina anandiuza kuti mpikisano wa ndewu wa UFC, womwe timaonera pa kanema, anauyambitsa ndi mphunzitsi ngati ine amene ankaphunzitsira anthu m'galaja. Kodi zimenezi n'zoona, nanga munthuyo analemera nawo mpikisanowo?
Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Mnzanuyo sanakunamizeni, Bambo, kungoti nkhaniyi anaidula pakati. Amene akuwanenawo ndi a Rorion Gracie, omwe anabadwa mu 1952 ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil, mwana woyamba wa a Hélio Gracie, m'banja lomwe linatchuka ndi jiu-jitsu, luso logwetsa mdani pansi n'kumugonjetsa pomupinda mkono kapena kumukanyanga pakhosi. Ngakhale anaphunzira zamalamulo kuyunivesite, mu 1978 anasamukira ku California, kumene ankapeza chakudya pogwira maganyu okonza m'nyumba za anthu ndiponso pooneka m'mafilimu ngati mmodzi wa anthu ongodutsa kumbuyo.

Galaja ija inalikodi, ku Hermosa Beach. Iwo anayala mphasa zochitirapo masewera pamalo oimika galimoto, ndipo aliyense wokumana naye ankamuitana kuti adzaphunzire ulere tsiku loyamba. Wobwera ndi mnzake ankamupatsanso tsiku lina laulere. Vuto lawo linali lalikulu kuposa lanu, chifukwa karate anthu amaidziwa kale, pamene jiu-jitsu ya ku Brazil inali yachilendo ku America. Choncho m'malo mochulutsa zonena, iwo ankaitana akatswiri a karate, kung fu ndi maluso ena kuti abwere adzayesane nawo mphamvu ophunzira akuona, ndipo pambuyo pake anasonkhanitsa ndewu zotere pa matepi a vidiyo n'kumagulitsa. Panadutsa zaka zoposa 10 asanatsegule sukulu yeniyeni, Gracie Jiu-Jitsu Academy, ku Torrance mu 1989.

UFC inabadwa kuchokera m'ganizo lomwelo lakuti munthu amakhulupirira zomwe waona ndi maso. A Gracie anagwirizana ndi a Art Davie, katswiri wotsatsa malonda yemwe ankaphunzira pasukulu yawo, ndipo mpikisano woyamba unachitikira ku Denver pa 12 November 1993, pakati pa amuna 8 a maluso osiyanasiyana, popanda kuwagawa potengera kulemera kwa thupi. Apa m'pamene nzeru zawo zamalonda zinaonekera bwino. Posankha woimira banja, a Gracie sanatenge wadzitho kwambiri, koma mng'ono wawo Royce, wochepa thupi, wolemera makilogalamu pafupifupi 80, kuti akapambana anthu asanene kuti ndi mphamvu zobadwa nazo. Woyamba kulimbana naye anali Art Jimmerson, wankhonya yemwe analowa m'bwalo atavala golovesi dzanja limodzi lokha, ndipo atangogwetsedwa pansi anagonja asanaponye nkhonya yooneka. Royce anapambana ndewu zitatu usiku umodzi n'kutenga madola 50,000.

Tsono pa funso lanu lachiwiri, chuma chachikulu cha UFC sichinapite kwa a Gracie. Mu 1995, eni kanema atafuna kuti ndewu zikhale ndi malire a nthawi, iwo anaona kuti mpikisanowo sukuonetsanso zomwe ankafuna, ndipo anagulitsa gawo lawo ku kampani ya SEG, yomwe inkaonetsa mpikisanowo pa kanema. Kampani ya Zuffa inadzagula UFC mu 2001 pa madola 2 miliyoni, n'kudzaigulitsa mu 2016 pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Ambiri amati a Gracie anataya bomwetamweta, koma ine ndikuona kuti kwa iwo UFC inali chikwangwani choitanira anthu kusukulu, ndipo ntchito imeneyo inali itagwirika kale: ophunzira anachuluka, matepi anayenda malonda, ndipo asilikali ndi apolisi a ku America anayamba kufuna maphunziro awo.

Sikuti zonse zinali zosiririka. Polembetsa dzina lakuti Gracie Jiu-Jitsu kuti likhale la bizinesi yawo yokha, anakangana ndi abale mpaka kukafika kukhoti ndi Carley Gracie, mwana wa bambo awo aakulu. Ana a Rorion, Ryron ndi Rener, atayamba kuphunzitsa kudzera pa intaneti pansi pa dzina la Gracie University, aphunzitsi ena anawadzudzula kuti lamba wosonyeza pomwe wophunzira wafika sapatsidwa kwa munthu amene simunagwiranepo naye.

Kwa inu, sindikukulangizani kuti muziitana anthu kudzamenyana m'holo ya sukulu, popeza wina akavulala mlandu udzakhala wanu. Chomwe mungatengepo n'chakuti makolo a ophunzira anu aone okha zomwe ana awo akupindula. Aitaneni tsiku lokweza malamba, mulole wobwera ndi mnzake kuphunzira ulere tsiku limodzi, ndiponso lankhulani ndi makampani a alonda komanso magulu a amayi ofuna kuphunzira kudziteteza, chifukwa amenewo amatha kulipira ngati gulu ndipo lendi ya holo ikhoza kuchokera pamenepo.